A Dean Silva adalakwanji?

Pamulu wa mabuku a kaunjika aja amayalidwa m'mbali mwa msewu, pakati pa masamu a Fomu 2 ndi timabuku ta chikondi tong'ambika zikuto, ndi pamene ndidatola buku la Arrowsmith. Mnyamata wogulitsayo ati ndi buku la udokotala, choncho mtengo wake sungafanane ndi wa nthano wamba. Ndidamuuza kuti nthano ndi nthano basi. Tidalimbana pang'ono, ine nkulipira. Koma nditaliwerenga kawiri ndaona kuti mnyamatayo sadaname kwenikweni. Buku limeneli, lomwe a Sinclair Lewis a ku America adatulutsa mu 1925, ndi nthano inde, koma mkati mwake muli mlandu umene sukulu iliyonse yosula madokotala, maloya kapena mainjiniya imagona nawo nkudzuka nawo: kodi sukulu yotere aitsogolere ndani, nanga izitulutsa munthu wotani?

Poyamba timudziwe mwini buku. A Lewis adali mwana wa dokotala wa kumudzi ku Sauk Centre, m'chigawo cha Minnesota, ndipo mkulu wawo adalinso dokotala. Fungo la mankhwala adakula nalo. Komabe za mu labotale sankazidziwa, ndiye adagwirizana ndi a Paul de Kruif, katswiri wa tizirombo toyambitsa matenda yemwe adali atangochoka ku Rockefeller Institute ya ku New York. Mu 1923 awiriwa adakwera sitima ya pamadzi kukazungulira zilumba za ku Caribbean, wina akufotokoza sayansi, wina akulemba, ndipo a de Kruif adapatsidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za bukuli. Mu 1926 bukuli lidapata mphotho ya Pulitzer, a Lewis nkuikana. Ya Nobel mu 1930 sadaikane ayi, paja adali munthu woyamba wa ku America kuilandira pa zolembalemba. Dzina la a de Kruif mulisunge, owerenga, chifukwa amene ankanong'oneza mlembi m'khutu adali munthu wa mu labotale, osati wa mu wodi ya odwala. Zimenezi zikuonekera pa tsamba lililonse.

Nkhani yake ndi ya Martin Arrowsmith, mnyamata wanzeru koma wapakamwa, yemwe akulowa sukulu ya udokotala pa yunivesite yongopeka ya Winnemac. Kumeneko akupeza aphunzitsi amitundumitundu, koma atatu ndiwo anyamula mlandu wathu.

Woyamba tithane naye msanga. A Dr. Roscoe Geake ndi pulofesa wa matenda a kukhosi ndi m'makutu, munthu wokhulupirira kuti matonsi adalengedwa kuti dokotala aziwadula nkugula galimoto. Potsazika pasukulupo, chifukwa apeza udindo wonona ku kampani yogulitsa zipangizo ndi mipando ya m'zipatala, akulangiza ophunzira za kakongoletsedwe ka ofesi kuti wodwala azilipira mosadandaula. Apa a Lewis alibe mnzawo. Munthu umaseka, kenaka nkukumbukira kakiliniki kena komwe udakhalapo pa sofa yofewa bwino nkutulukamo ndi panado yekha komanso risiti yaitali ngati mkono.

Wachiwiri ndi a Max Gottlieb, Myuda wochokera ku Germany, pulofesa wa tizirombo, wogona mu labotale, wodana ndi bodza, wodana ndi changu, wodananso ndi ophunzira ambiri omwe amawaona ngati mbatata zongodzaza m'kalasi. Kwa iwo kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo dokotala amene amapereka mankhwala osadziwa bwinobwino chifukwa chake amagwira ntchito sasiyana ndi sing'anga wa zitsamba pamsika. Owerenga ambiri, kuyambira 1925 mpaka lero, amatuluka m'bukuli atagwa m'chikondi ndi munthu ameneyu. Ndimo mmene mlembi adafunira.

Ine mtima wanga udatsalira pa wachitatu, a Dr. T. J. H. Silva, Dean wa sukuluyo, omwe ophunzira ankawatcha kuti Dad, kunena kuti bambo. Kwa amene simudapondeko ku sukulu ya ukachenjede, Dean ndi mkulu wa nthambi imodzi ya yunivesite, monga ya malamulo kapena ya udokotala. Pamwamba pake pali akuluakulu a yunivesite yonse ndi andale ogwira thumba la ndalama. Pansi pake pali mapulofesa, aliyense wodziyesa tambala wa pakhomo, ndiponso ophunzira. Iye ndiye amasaina kuti uyu alowe, uyu abwereze, uyu apakire azipita kwawo. Ali ngati nyakwawa: mfumu yaikulu ikakwiya imakalipira iye, mudzi ukakwiya umagenda denga lake. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

A Silva a m'bukuli ndi kamunthu kakafupi, konenepa, kandevu za pamlomo, pulofesa wa matenda a m'kati mwa thupi. Chipembedzo chawo ndi kuchiritsa. Amafuna kutulutsa dokotala wodziwa kumvetsera chifuwa cha munthu, wodziwa kukhala pambali pa bedi usiku mayi akubuula. A Lewis amawajambula mwachikondi pang'ono, koma chikondi chake ndi chija timachitira agogo okalamba: timawalemekeza, koma nzeru zatsopano sitikafunsa kwa iwo. Tsono taonani zimene a Silva achita m'nkhanimu. Martin, atatopa ndi ntchito, akumwa kwambiri, mtima uli kwa bwenzi lake Leora yemwe wapita kwawo ku Dakota, akuchitira mwano a Gottlieb, kenaka nkuchitiranso mwano a Dean amene. A Silva akumuimitsa sukulu mpaka mutu wake utabwerera m'malo. Mnyamatayo akuyendayenda, akukwatira Leora, akubwerera wamanyazi. Amene akumutsegulira chitseko ndi manja awiri ndani? A Silva omwewo. A Gottlieb, mulungu wake uja, adali atamutaya kale ngati chikho chosweka cha mu labotale. Popanda a Dean, bwenzi nthano yonseyi itathera pamenepo, Martin ali chidakwa chotsuka mbale m'malesitilanti.

Ndiye pakubwera chigawo chimene ine ndimachiona ngati mtima wa buku lonse, ngakhale a Lewis achidutsa mothamanga. A Gottlieb akulota sukulu ya udokotala yatsopano, ya sayansi yokhayokha, yopanda a Geake, ndipo mtsogoleri wake akhale iwo. Mmalo moyenda mwakachetechete monga achitira anthu odziwa ndale za pa yunivesite, iwo akupempha a Silva mosabisa kuti atule pansi udindo. Abale inu! Atambala awiri salira m'khola limodzi. Nkhaniyo ikufika kwa akuluakulu, a Gottlieb akuchotsedwa ntchito, ndipo njala ikuwakankhira ku kampani ya mankhwala ya Hunziker ku Pittsburgh, yomwe dzulodzuloli ankainyoza. Mlembi akufuna tilire, ndipo inde zimamvetsa chisoni kuona nkhalamba yanzeru ikugogoda m'maofesi ndi chipewa m'manja. Koma funso loti kodi a Gottlieb akadaitha ntchito ya u-Dean, bukuli likuliyankha lokha patsogolo, mwina mwini wake osafuna. Atapatsidwa udindo woyendetsa McGurk Institute ku New York, a Gottlieb akusokoneza zonse. Makalata akuunjikana osayankhidwa, antchito akukangana, iwo akungofuna kubwerera ku timabotolo tawo. Munthu wodziwa choona adalephera kuyendetsa nyumba imene choonacho chimaphikidwamo.

Apa ndi pamene ndikuwaimba mlandu a Lewis. Adatenga zinthu ziwiri zimene m'mbiri yeniyeni zidakhala m'nyumba imodzi, nkuzimenyanitsa kuti nthano ikome. Sukulu ya udokotala ya Johns Hopkins itatsegulidwa ku Baltimore mu 1893, Dean wake woyamba adali a William Welch, munthu wa mu labotale ndithu, wosulidwa ku Germany ngati a Gottlieb. Koma a Welch adali ndi lilime la a Silva. Ankadziwa kukhala pansi ndi eni ndalama. Mayi Mary Elizabeth Garrett atapereka chuma chotsegulira sukuluyo, adaika malamulo awo: akazi azilowa mofanana ndi amuna, ndipo aliyense wolowa akhale kale ndi digiri. Sukulu idavomera. Ndipo pambali pa a Welch padali a William Osler, omwe adachotsa ophunzira m'kalasi nkuwaimika pambali pa bedi la wodwala. A Osler omwewa ndiwo a Silva a m'buku amawapembedza. Ndiye kuti ku Baltimore Gottlieb ndi Silva ankadyera mbale imodzi zaka makumi atatu bukuli lisanalembedwe. A de Kruif ankazidziwa bwino zimenezi. Kungoti nthano ya anthu ogwirizana sigulitsa.

Pali chinanso chimene bukuli langochikhudza ndi nsonga ya chala. Zaka zimene Martin ali pasukulu ndi zomwezo zimene sukulu za udokotala ku America zidapetedwa ngati mphale. Mu 1910 bungwe la Carnegie Foundation lidatulutsa lipoti la a Abraham Flexner, mphunzitsi wa ku Louisville yemwe sadali dokotala nkomwe. Iwo adayendera sukulu 155 ku America ndi ku Canada, muyeso wawo uli Johns Hopkins, nkunena kuti 31 zokha nzokwanira. Zambiri mwa zimene adazidzudzula zidali zoola ndithu, mashopu ogulitsa masatifiketi opanda labotale ngakhale chipatala. Koma lichero lomwelo lidataya ndi mphale yomwe. Mwa sukulu zisanu ndi ziwiri za anthu akuda, a Flexner adati zitsale ziwiri, Howard ya ku Washington ndi Meharry ya ku Nashville, ndipo m'zaka zochepa zinazo zidatsekedwadi. Adalembanso kuti dokotala wakuda aphunzire kwambiri za ukhondo osati za opaleshoni, azithandiza akuda anzake, mwa zina kuti matenda awo asafike kwa azungu. Mu 2020 bungwe la sukulu za udokotala ku America lidachotsa dzina la a Flexner pa mphotho yake ina chifukwa cha maganizo amenewa. Mchimwene wawo, a Simon Flexner, yemwe adaphunzira kwa a Welch, ndiye ankatsogolera Rockefeller Institute, imene a Lewis adaisandutsa McGurk. Mukuona kuti anthu ake ndi omwewomwewo.

Mwina mukuti nanga ife zikutikhudza pati za ku Nashville? Zikutikhudza pachiwindi penipeni. Pa khomo limodzi mwa awiri otsalawo ndi pamene adatulukira a Dr. Daniel Sharpe Malekebu mu 1917, mwana wa sukulu ya a John Chilembwe, Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Nthawi imeneyo Meharry inkatsogoleredwa ndi a George Hubbard, omwe adaigwira chiyambire 1876 mpaka 1921, kupemphetsa ndalama m'matchalitchi kuti nyali isazime. Amenewo ndiwo a Silva enieni, ndipo a Lewis sadawalembere buku. A Malekebu atabwerera mu 1921 boma la atsamunda lidawakaniza kulowa m'dziko lawo lomwe, mpaka mu 1926 pamene adaloledwa kukatsegulanso mishoni ya Providence ku Chiradzulu. Pa khomo lomwelo adatulukiranso a Hastings Kamuzu Banda mu 1937, ndipo poti Angerezi sankaiwerengera digiri ya ku America, adakayambiranso mayeso ku Edinburgh nkumaliza mu 1941. Ife a dipuloma timaidziwa bwino nkhani ya pepala limene wakhetsera thukuta koma wina pa desiki akuti silikwana. Cholembera cha a Flexner chikadatsetsereka pang'ono pa dzina la Meharry, kaya mbiri ya dziko lino ikadayenda bwanji.

A Lewis tiwapatse ulemu wawo pamenepa. M'chigawo chomaliza, Martin atapita ku chilumba chongopeka cha St. Hubert kukalimbana ndi mliri uja umafala ndi nthata za makoswe, akukumana ndi Dr. Oliver Marchand, dokotala wakuda wophunzira ku Howard. Martin poyamba akumuyesa wantchito wamba, kenaka akuchita manyazi poona kuti munthuyo akuidziwa sayansi kuposa madokotala ambiri achizungu a pachilumbapo. Mu 1925 kulemba zotere kudali kulimba mtima, ndipo a John Ford atapanga filimu ya bukuli mu 1931 adamusunga Marchand, a Clarence Brooks nkusewera mbali yakeyo mwaulemu pa nthawi imene wakuda mu filimu ankangonyamula thireyi. Komatu m'buku la masamba oposa mazana anayi Marchand wapatsidwa timasamba towerengeka. Sitikumuona ali pasukulu, sitikudziwa Dean amene adamusainira kuti alowe, sitikudziwa mayi wake. Wabwera kudzaphunzitsa mzungu kudzichepetsa, akatero mliri nkumutenga. Ntchito yake yatha.

Ku St. Hubert komweko ndi kumene mlandu wa Silva ndi Gottlieb ukuzengedwa ndi mitembo. Martin wanyamula mankhwala atsopano a phage, tizirombo todya tizirombo tinzake, zomwe m'mbiri yeniyeni adazilengeza ndi a Félix d'Herelle mu 1917. A Gottlieb amulumbiritsa kuti abaye theka la anthu okha, theka linalo alisiye, kuti dziko lidziwe motsimikiza ngati mankhwalawo amagwiradi ntchito. Mwa sayansi akunena zoona. Ukabaya onse mliri nkutha, udziwa bwanji kuti sudathe wokha? Koma theka losiyidwalo ndi anthu akuda osauka a pachilumba cha atsamunda, ndipo palibe amene akuwafunsa. Martin akulimbikira mpaka Leora, atatsala yekha m'nyumba, akusuta ndudu imene idakhudzana ndi tizirombo ta mu labotale ya mwamuna wake, nkufa yekhayekha popanda womugwira dzanja. Ndime imeneyo njolembedwa bwino zedi, mopanda misozi yokakamiza. Zitatero Martin akusweka mtima, akubaya aliyense wobwera, kafukufuku nkuonongeka. Bukuli likuti pamenepo wagwa, wapereka mphunzitsi wake. Ine ndikuti pamenepo a Silva adalankhula mwa iye, ngakhale mlembi sakuwatchula.

Chondinyansa nchakuti chifundo cha Martin chidadikira kuti afe mkazi wake. Mitembo yakuda ija idali manambala, wa Leora ndiwo udali maliro. A Lewis akuoneka kuti sadachione chimenechi, kapena adachiona nkuchilambalala. Ndipo njira yachitatu idalipo, kungoti m'bukumu mulibe munthu woiganiza, poti woiganiza amayenera kukhala ndi mitu yonse iwiri. Ku Blantyre kuno mu 2018 kudayamba kafukufuku wa katemera wa taifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Anawo adagawidwa pawiri monga momwe a Gottlieb akadafunira, koma theka linalo silidabwerere chimanjamanja, lidalandira katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo makolo ankayamba afunsidwa. Zotsatira zidatuluka zomveka, ndipo mu 2023 katemerayo adafika kwa ana m'dziko lonse. Zoterezi sizichitika ndi waluntha mmodzi wodzitsekera. Zimafuna makomiti, mafomu, misonkhano ndi mafumu, ntchito yotopetsa ija a Lewis amaiseka.

Kwathu kuno sukulu yosula madokotala idachedwa modabwitsa. Dziko lolamulidwa ndi dokotala kuyambira 1964 lidayamba lamanga Kamuzu Academy mu 1981, ana nkumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki ku Mtunthama, pamene College of Medicine idatsegulidwa mu 1991. Woyamba kuitsogolera adali a Pulofesa Geoffrey Dahlenburg a ku Australia, ndipo Mmalawi woyamba pa mpandowo adali a Pulofesa John Chiphangwi, dokotala wa amayi. Chochititsa chidwi nchakuti oyambitsawo adaika zaumoyo wa anthu a kumudzi ngati mwala wa pangodya wa maphunziro onse, ophunzira nkumatumizidwa ku Mangochi kukaona kumene matenda amachokera asanafike ku Queens. Kunena mwa bukuli, adayamba ndi Silva, ndipo Gottlieb adabwera pambuyo ndi malabotale ake. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. M'zaka zonsezi mwadutsa ma Dean angati, ndi mikangano ingati ya malipiro, ya ophunzira ochotsedwa, ya madokotala osulidwa ndi misonkho yathu nkukwera ndege? Alembi athu timakonda kulemba za ophunzira a ku Chirunga, chikondi chawo ndi zionetsero zawo. Munthu wokhala kuseri kwa desiki, amene amasaina tsogolo la mwana wa mwini, timangomuonetsa ngati chitseko chotseka.

Za kalembedwe, bukuli ndi lalitali mopyola muyeso. Pakatikati pake, pamene Martin ali dokotala wa kumudzi ku Wheatsylvania, nkhani imakwawa ngati basi ya m'dzinja, ndipo a Lewis ali ndi chizolowezi chobwereza nthabwala imodzi mpaka itasukuluka. Chimene chimapulumutsa chigawocho ndi a Dr. Almus Pickerbaugh, mkulu wa zaumoyo mu mzinda wa Nautilus, wolemba ndakatulo zoipa kwabasi zolimbikitsa ukhondo, ana ake aakazi asanu ndi atatu nkumaziimba pa misonkhano, mpaka mwini wake kukathera ku nyumba ya malamulo. Ine monga mlakatuli pamenepa ndidaseka mwamantha. Ndani mwa ife sadalembepo mavesi a kolera ndi kusamba m'manja pofuna ya sopo? Atengambali aakazi nawo ngopyapyala, kupatula Leora, ndipo naye ubwino wake wonse ndi woti sadandaula.

Mathero ake ndiwo adandisiya ndi ukali. Martin, atakwatira mkazi wachuma Joyce Lanyon nkubereka naye mwana, akusiya onse awiri, akukana maudindo onse, nkuthawira ku nkhalango za Vermont kwa mnzake Terry Wickett kukachita kafukufuku popanda bwana, popanda komiti, popanda wophunzira, popanda wodwala. A Lewis akuchitcha chigonjetso. Tsamba lomaliza likutisiya ndi amuna awiri ali m'bwato panyanja madzulo, akukambirana za kwinini ndi zaka zimene ntchitoyo iwatengere. Kwinini ameneyo, akadzatheka, adzafunika munthu woti akamupereke kwa mwana wotentha thupi pakati pa usiku, ndipo munthuyo adzayenera kuti adadutsa pa desiki ya Dean wina wake. A Silva adatsala kalekale m'mitu yoyambirira ya bukuli, ndipo mlembi sadabwerereko kukatiuza kuti adatsiriza bwanji.